Theka la Njerwa M'chikwama Chako

Kaseye, Chitipa

Mwana wanga Tumpale,

Ukamawerenga kalatayi ndiye kuti basi yadutsa kale Karonga, chifukwa ndauza amayi ako kuti aibise m'thumba la mtedza wokazinga, ndipo ndimakudziwa, sudya kanthu msewu wokhotakhota wa m'mapiri usanathe. Ndakhala pakhonde dzuwa likadalipo, iwe uli kuseri ukuchapa nsapato zomwe unachapa kale dzulo. Ndikanatha kukuitana kuti tilankhule pakamwa. Koma ine ndikayamba kulankhula ndimadzera kutali ku Wenya pofuna kupita pafupi pompa ku Lufita, iwe n'kumangoti "inde adada, inde adada" maso ali pansi. Ndiye ndalemba, m'Chichewa cha amayi ako chomwe iwo amati pakamwa panga chimayendera ndodo. Ukapeza potsimphina, ungodutsapo.

Amayi ako andiuza zimene unanena tsiku lija munkaswa mtedza. Usawakwiyire, anayesa kusunga koma zinawalemera. Akuti unati: "Amayi, ndikakalephera ku sukulu ya unamwinoko musadzandiyembekezere. Ndidzapita kumalire kukagulitsa zitenje, nkhope yanga simudzaionanso pano. Sindingachititse adada manyazi kawiri." Chimvereni mawu amenewo sindikudya bwino. Ndikuopa, mwana wanga, ndipo ndikunena mosabisa. Ndikuopa kuti tsiku lina tidzaimba foni yako n'kupeza yozima, tidzaimbanso mawa lake n'kupeza yozima, ndipo tidzadziwa tokha chimene chachitika.

Koma pambali pa manthawo ndili ndi chidwi, monga mwa khalidwe langa lomwe amayi ako anatopa nalo. Ndakhala ndikudzifunsa kuti chinthu chimenechi, chomwe chimauza mwana wanzeru kuti akonzeretu kothawira asanalowe n'komwe m'kalasi, chimakhala pati m'thupi la munthu? Chimadya chiyani kuti chinenepe chonchi? Iwe ukukaphunzira za thupi, mwina akakusonyezani pachithunzi, udzandiuze. Kwa ine chimakhala m'mawondo. Ndinachidziwa bwino chaka cha uvuni wa njerwa uja.

Nkhani ya uvuni umaidziwa, koma umadziwa mbali yoseketsa yokha, yomwe adada ako aang'ono a Lugano amainena paukwati uliwonse. Lero umve yonse. Chaka chomwe ndinafunsira amayi ako, iwo anali mphunzitsi wachilendo wochokera ku Ntcheu, akukhala m'kanyumba ka pasukulu. Ndinadziuza ndekha kuti mtsikana wophunzira ngati ameneyu sangalowe m'nyumba ya zidina yofolera udzu. Iwo sanandipemphe kanthu. Ndine ndinaimirira pamaso pa abale n'kulonjeza kuti ukwati usanafike ndimanga nyumba ya njerwa zowotcha ndi manja angawa, pomwe ndinali ndisanawotchepo uvuni wangawanga, ndinkangothandiza ena kuponya nkhuni. Ndinakumba dothi la pachulu, ndinaponda matope mpaka zidendene kung'ambika, ndinaumba ndi chikombole chobwereka. Njerwa zitauma ndinazisanja, kusiya makomo a moto m'munsi, n'kumata matope kunja konse kuti kutentha kusathawe. Uvuni ukaumata suoneka m'kati. Umayatsa, n'kumangoyang'ana utsi.

Ndinayatsa mwezi wa mphepo. Ukuidziwa mphepo yakwathu kuno, imene imachotsa chitenje pachingwe n'kukachipachika pamtengo wa eni ake. Inkalowera makomo a kum'mawa n'kukankhira moto wonse kumadzulo. Ndinkaona utsi ukupendekera, matope a mbali imodzi atafiira, a mbali inayo akadali otuwa. Nkhuni zitatha ndinatseka makomo monga achitira aliyense, kuti uvuni uzizire wokha. Kwa anthu ena kuzizira kumatenga masiku owerengeka. Wanga unazizira miyezi.

Munthu akafunsa, ndinkati ukadali wofunda. Kenako ndinkati ndikudikira mchenga. Kenako ndinkati msana wandigwira. Nkhuku za agogo ako zinayamba kugona pamwamba pake, ana ankakwerapo n'kumalumpha, a Lugano anautcha chiliza, dzina n'kumamatira. Ndinafika posintha njira yopita kumunda kuti ndisadutse pa uvuni wanga womwe. Tangoganiza, mwamuna wandevu kuzungulira kudambo, kunyowa mame mpaka m'chiuno, pothawa mulu wa dothi. Chimene chimandidabwitsa mpaka lero n'chakuti masiku amenewo ndinkapemphera kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse. M'mawa, masana, ndili panjinga, pemphero linali limodzi: "Ambuye, zikhale zakupsa. Ambuye, zikhale zakupsa."

Loweruka lina m'mawa, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana kumapiri, ndinaona amayi ako akubwera m'kanjira ka pakati pa minda, khasu lili paphewa.

"Mwaghona, a Yotamu," anatero, moni wathu wa m'mawa womwe anali atangouphunzira kumene. "Ndamva kuti muli ndi chiliza. Ndabwera kudzaona malemuwo."

"Ukadali wofunda, aphunzitsi," ndinatero.

Anaika chikhatho pamatope aja. "Wazizira kuposa mtsuko wa madzi."

"Ndikuupempherera."

"Mukupempha chiyani?"

"Kuti zikhale zakupsa."

"Moto unazima liti?"

Iwo anatsitsa khasu, n'kundiyang'ana monga ankayang'anira ana obwera mochedwa, koma osakwiya. "Ndiye mukufuna Mulungu abwerere m'mbuyo akasonkhezere moto? Zomwe zili m'katimu zilimo kale, kaya zakupsa kaya zosapsa. Iye anaziona kalekale ndipo sanakuthaweni. Amene sanaone ndinu nokha. Bwanji osapempha mtima woti muone?"

Tumpale, mawu akuti anaziona kale ndipo sanakuthaweni ndayenda nawo moyo wanga wonse. Ine ndinkayesa kuti Mulungu ali ngati mudzi, akudikira nditsegule kuti adziwe ngati ndine munthu kapena ayi. Sindinaganizepo kuti Iye anali m'katimo moto ukupendekera, kuti anadziwa njerwa iliyonse yosapsa, koma m'mawa uliwonse ankandidzutsabe, kundipatsabe chakudya, mpaka kunditumizira mphunzitsi ndi khasu. Ndinalandira khasulo mawondo akugundana. Pemphero langa linali lalifupi ndiponso lopanda ulemu wokwanira: "Chabwino, tiyeni tione." Ndinakhapa matope a kum'mawa.

Usayembekezere kuti ndikuuze kuti ndinapeza zonse zili bwino. Zinali zoipa. Njerwa yoyamba inatuluka yotuwa, ndinaifinya n'kuyoyoka m'manja. Yachiwiri chimodzimodzi. Anthu anali atasonkhana kale, poti kuno kukhapa kwa khasu kumamveka mudzi wonse, ndipo ena anayamba kunena "pole, pole" monga tichitira pamaliro. Amayi ako sananene pole. Anatola njerwa ziwiri n'kuzigundanitsa, zinangoti phu. Analowetsa mkono m'kati, natulutsa zina ziwiri zofiira, zinalira ngati chitsulo. "Nanga bwanji izi zalira, izo ayi, pomwe dothi ndi limodzi?" anafunsa. Ndinayamba kufotokoza za mphepo. Pofotokoza ndinafuna kuona pomwe moto unalekezera, ndinakwera pamwamba, ndinaphwasula mzere wina, ndinatsatira kufiirako mpaka kumadzulo komwe zina zinapserera n'kumatirirana. Ndinaiwala kuti pali anthu. Nditayang'ana pansi ndinapeza mawondo aleka kunjenjemera, osadziwa kuti aleka nthawi yanji.

Ichi ndicho ndinaphunzira, ndipo ndachiyesa kambirimbiri kuti ndione ngati chinali changozi. M'mutu mwanga mafunso awiri sakhalamo nthawi imodzi. Ndikamafunsa kuti "kodi ndine wolephera?" mawondo amafooka, chifukwa funso limenelo lilibe pogwira. Ndikafunsa kuti "kodi chachitika n'chiyani m'katimu?" manja amapeza chochita. Funso loyambalo linayankhidwa kale pamtanda, si lako, si langa, si la aphunzitsi ako. Lachiwirilo ndilo ntchito yathu. Tsegula uone, mwana wanga.

Nyumba sinamangidwe chaka chimenecho. Zakupsa sizinakwane ngakhale chipinda chimodzi. Tinakwatirana n'kulowa m'nyumba ya zidina yomwe ndinkaiopa ija, inkadontha pakona, ndipo abale a amayi ako atabwera kuchokera ku Ntcheu, azakhali awo ena anayang'ana denga nthawi yaitali n'kufunsa ngati kuno malata safika. Zinandiwawa kwambiri. Mawa lake ndinadzuka, dzuwa linatuluka, ndinakalima. Chinthu chomwe ndinachithawa miyezi yonse ija chitafika, chinakhala kukula kwake kumeneko.

Koma pali china chimene chimandipweteka kuposa mawu a azakhali aja. Woumba njerwa aliyense amadziwa kuti yosapsa siitayidwa, umaiika mu uvuni wina n'kuiwotchanso. Inenso ndinkadziwa. Ndikanatsegula msanga, nthawi inalipo yoti ndidule nkhuni zina ndi kuwotchanso mvula isanagwe, nyumba ikanatha. M'malo mwake mvula inatipeza tili m'kati mosamutsa, ndipo zambiri zinasungunuka tikuona, kubwerera kudothi. Mphepo inandidyera mbali imodzi ya uvuni, mantha anandidyera chaka chathunthu. Zomwe tinapulumutsa tinazifunditsa udzu pakhonde. Chilimwe chotsatira ndinaziika pakati penipeni pa uvuni watsopano, ndinamanga mpanda wa udzu mbali ya kum'mawa kuti mphepo ipunthwe, ndipo zinatuluka zofiira bwino. Chipinda chomwe wagonamo chibadwire chinamangidwa ndi zimenezo, zolowa pamoto kawiri.

Ukumbukire ndiye kuti kuchedwa kutsegula kuli ndi mtengo wake. Pepala likabwera lodzaza inki yofiira, usalipinde n'kulibisa pansi pa matiresi. Tsiku lomwelo pita nalo kwa mphunzitsi, umufunse kuti mphepo inalowera pati. Khala pafupi ndi amene akhoza, uwafunse mmene amasanjira zawo. Ena adzakuyankha monyada, landira yankholo, kunyadako uwasiyire. Nthawi yowotchanso imakhalapo kwa amene watsegula msanga.

Tsopano za anthu, poti ndikudziwa kuti ukuti anthu adzati chiyani. Adzanena ndithu. Za ine ananena, ndipo a Lugano akunenabe ngakhale mano ayamba kuwathera. Koma ndinachita chidwi kuona kuti ambiri anatopa nayo nkhani mwezi usanathe, poti aliyense ali ndi chake chomwe akuzungulira kudambo kuchithawa. Ena mwa omwe anaseka ndi omwe amatumiza uthenga chilimwe chikafika kuti ndikawaonere koloza makomo a uvuni wawo. Ndimapita, ndipo ndimawauziratu kuti za m'mphepete zina sizipsa. Ndawotcha mauvuni ambiri chiyambire, sindinaonepo umodzi wakupsa wonse.

Nkhani ina ndi yako, koma undilole ndikuuze mmene ine ndinaionera. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zitatuluka ulendo woyamba, sunapite n'komwe kusukulu kukaona pepala lako. Unangomva kwa anzako kuti sizinayende, n'kuthawira kwa azakhali ako ku Wenya, pena pamatola pena wapansi. Ndinakulondola panjinga. Nditafika ndinaima kuseri kwa nkhokwe, iwe sunandione. Unali utagwada patsogolo pa azakhali ako, ukumasula nsanza yomwe anakulunga pamwendo. Bala lija analibisa nthawi yaitali poopa kuti kuchipatala akawauza zoipa, ndipo fungo lake linkafika pomwe ndinaimapo. Iwo ankakankha dzanja lako, iwe n'kunena mofatsa kuti, "Azakhali, tikapanda kuona tidziwa bwanji chochita?" Unamasula, unayang'anitsitsa osatembenuza nkhope, unatsuka ndi madzi owiritsa, mawa lake unawakakamiza kupita kuchipatala. Mwendo umene akuyendera lero ndi womwewo.

Ndinaima pamenepo nditagwira njinga, ndikudabwa. Mwana yemweyu, amene sangathe kuyang'ana pepala lake, akuyang'ana chinthu chomwe ine wamkulu ndikufuna kuthawa. Kodi zimatheka bwanji? Mpaka pano sindinapeze yankho lonse. Mwina n'chifukwa choti bala la azakhali silinkanena kanthu za iwe, unkangoona bala. Pepala lako unkaliyesa chiweruzo. Ngati ndi choncho, mtima wofunikawo uli nawo kale, wangotsala kuutembenuzira kwa iwe mwini. Pobwerera unakwera pakaliyala, ndipo njira yonse sindinalankhule za mayeso. Ndinkayesa kuti ndikukupepuza. Ngati unamva ngati ndachita nawe manyazi, ndikuuze lero kuti sizinali choncho, ndinkapalasa ndikuganiza za manja ako aja. Unabwereza kalasi, unakhala pabenchi limodzi ndi ana omwe unkawaposa, unakhoza. Ndiye mawu oti manyazi kawiri sindikuwamvetsa, poti ine sindinawerengepo koyamba.

Pali funso lomwe ndakhala nalo kutchalitchi zaka zambiri. Nthawi imene Ambuye anagwidwa, ophunzira awiri analephera koopsa. Wina anawapereka, wina anawakana pamaso pa anthu. Onse awiri anamva chisoni, onse awiri anadziwa kuti alakwa. Koma wina anapita yekha kutali osabwereranso, pomwe winayo anabwerera pakati pa anzake ndi manyazi ake omwewo, n'kukhala pansi. Ndipo wobwererayo ndi amene anapatsidwa ntchito yosamalira ena. Ndimadzifunsa, kodi woyambayo akanabwerera, akanapirikitsidwa? Ndinafunsa abusa athu akale, anati funso labwino, tidzakambirana, mpaka anasamutsidwa. Ine kuganiza kwanga kwa munthu woumba njerwa, kusiyana kwawo kunali pa kubwerera. Ukapeza mpingo kumeneko, ndipo uupeze sabata yoyamba yomwe, ukawafunseko abusa ako, undiuze zomwe anena.

Za kupemphera, sindikuletsa kupempha kuti ukhoze. Pempha, ifenso tizipempha. Koma pempha moto ukadayaka, buku lili m'manja, nkhuni zikadalipo zoponya. Ukatuluka m'chipinda cha mayeso moto wazima, sintha pemphero. Uziti, Ambuye, mwaona kale ndipo mukadali nane, ndipatseni mtima woti nanenso ndione. Kenako pita ukaone pabolodi pomwe amamata zotsatira, ndi miyendo yako, osatuma mnzako. Mawondo akanjenjemera, asiye anjenjemere, amayendabe.

Zina n'zazing'ono. Uzidya, poti ukakhala ndi nkhawa umaiwala. Uzipatsa moni oyeretsa m'zipinda ndi alonda monga upatsira madokotala. Akakufunsa ngati Chitipa ili m'Malawi, seka nawo, uwauze abwere adzaone mphepo. Foni uziimba ngakhale tsiku loipa, makamaka tsiku loipa. Ukangoti "adada, sizinapse," ndidzamva, sindidzafunsa zambiri, tidzayamba kuganiza za nkhuni. Tsegula uone, ukatha utiuze.

Tsopano pisa pansi pa chikwama chachikulu, kunsi kwa bulangete. Ukupeza chinthu cholemera chokulungidwa m'chitenje chakale cha amayi ako. Si chinangwa. Ndi theka la njerwa, imodzi mwa zolowa pamoto kawiri zija. Uigogode ndi supuni umve kulira kwake. Ukafika uziyedzeka nayo chitseko cha chipinda chako masana, chisamatsekeke, kuti anzako azilowa nawenso uzituluka.

Koma dziwa kuti ndangokubwereka. Ndaizula masana ano uli kumsika ku Lufita, pakhoma la chipinda chako, kunsi kwa zenera. Amayi ako akalipa kwambiri, akuti mulowa mphepo ndi mbewa, akuti ndakalamba ndi misala yanga. Kenako iwo omwe ndi amene atsamizapo thumba la chimanga kuti usaone bowolo usananyamuke. Ukangokwera basi tichotsa thumbalo. Sinditsekapo ndi njerwa ina, ngakhale kuseri kuli mulu wonse, ndipo mphepo iziimba m'nyumba muno mpaka mwini chipinda abwere.

Ukakhoza, bwera nayo. Ukalephera, bwera nayo. Usatumize pabasi, usapatsire munthu. Udzaibwezere ndi dzanja lako, ine ndidzaponda matope.

Mulungu amene waona kale zonse za kumeneko akutsogolere, mwana wanga.

Ndine adada ako,
Yotamu